Tifunseni: Kodi kwawo kwa Apwitikizi kuli anthu onga ife?

Makalata atatu andipeza mwezi uno kuno ku Linga, ndipo onse akufunsa za mtundu umodzi wa anthu, Apwitikizi. Akonzi anawakankhira kwa ine chifukwa akudziwa kuti ndisanapume pa ntchito ya ulangizi wa zausodzi ndinapitako ku Portugal mu 2014, kwa masabata atatu, kukaphunzira kasamalidwe ka nsomba zikangotuluka m'madzi. Ndiyamba ndi kalata ya mayi a ku Salima chifukwa ndi imene yandisowetsa tulo.

FUNSO: Bambo, ine ndimachita geni ya usipa pa doko la Nguwo. Mchimwene wanga wamng'ono wakumana ndi munthu wina amene akuti amupezera ntchito ku Portugal akangopereka ndalama. Agogo athu aakazi anathawa ku Mozambique chifukwa cha chibalo, ndipo ankatiuza kuti Mpwitikizi sagwira ntchito, amangogwiritsa anzake. Kodi kwawoko amapeza bwanji ndalama? Kuli anthu ovutika ngati ife? Nanga mwanayu ndimulole apite?
Mayi wa geni, Senga Bay, Salima

YANKHO: Mayi, agogo anu sananame pa zimene anaona ndi maso awo. Chibalo chinalikodi. Anthu ankakakamizidwa kulima thonje ndi kulambula misewu popanda malipiro omveka, ndipo wolephera ankamenyedwa m'manja ndi thabwa loboolaboola lija akuluakulu ankalitcha mbalamatodya. Mabanja ambiri a kuno, makamaka ku Mulanje, Thyolo ndi Phalombe, anawoloka malire pothawa zimenezo. Bala limenelo ndi loona, ndipo sindikufuna kulipaka mafuta.

Koma Mpwitikizi amene agogo anamuona anali wa pa boma ndi wa pa esiteti. Amene anatsala kumudzi kwawo anali munthu wina, wa zikhatho zokhakhala ngati zanu. Pa nthawi ya ulamuliro wa António Salazar, amene anali nduna yaikulu kuyambira 1932 mpaka 1968, dziko la Portugal linali limodzi mwa maiko osauka kwambiri kumadzulo kwa Ulaya. Ana ambiri a m'midzi ankayenda opanda nsapato, ndipo akuluakulu ambiri sankatha kulemba dzina lawo. Pakati pa 1960 ndi 1974 anthu oposa 1 miliyoni anachoka m'dzikomo, ambiri modumpha malire usiku, kupita ku France kukasenza njerwa ndi kukolopa m'nyumba za eni. Ukamva zimenezi umakumbukira abale athu a ku Joni. Ulamuliro wankhanzawo unagwa pa 25 April 1974, ndipo chaka chotsatira, pa 25 June 1975, Mozambique inalandira ufulu.

Dziko la Portugal ndi laling'ono kuposa lathu, makilomita pafupifupi 92,000 m'bwalo lonse pamene Malawi ndi 118,000, ndipo anthu ake ndi pafupifupi 10 miliyoni, theka la ife. Ambiri aunjikana m'mbali mwa nyanja ya mchere, pakati pa Lisbon ndi Porto ndi kupitirira pang'ono kumpoto.

Tauni imene sindidzaiwala ndi Nazaré, ndipo ndikhulupirira kuti inunso mukanatsika basi kumeneko mukanaganiza kuti mwafika pa Nguwo. Pamchenga penipeni, pafupi ndi pamene alendo amasambira, pali mathandala a ukonde oimikidwa chopendekera kuti aziyang'ana dzuwa. Amayi achikulire ovala masiketi ambirimbiri osanjikiza, ena ovala zakuda chifukwa amuna awo anatsala m'nyanja, amang'amba nsomba, kuziviika m'madzi a mchere, n'kuziyanika. Nsomba yake yambiri ndi carapau, yomwe ija timaigula yowuma ndi ayezi m'mashopu n'kumati kalapau. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Fungo lake linali la kwathu. Mayi mmodzi ankathamangitsa ntchentche ndi nsalu, uku akuwerenga ndalama zachitsulo m'thumba la epuloni, ndendende mmene mumachitira inu. Kale anthu a kumeneko ankakoka khoka kuchokera pamtunda, amuna ndi akazi pa chingwe chimodzi, ndipo ng'ombe ndizo zinkakokera mabwato kumtunda chifukwa tauniyo inalibe doko lotchingika mpaka m'zaka za m'ma 1980.

Ndiye funso lanu loti kuli anthu onga ife, yankho ndi lakuti eya, alipo. Kusiyana kuli pa zimene zimachitika nsomba ikafika pamtunda, ndipo apa ndikufuna mumvetsetse chifukwa ndi ntchito yanu.

Kumeneko lamulo limati nsomba yaiwisi igulitsidwe koyamba pa msika wa pa doko umene amautcha lota, woyendetsedwa ndi kampani ya boma yotchedwa Docapesca. Boti likakocheza, nsomba zimasankhidwa malinga ndi mtundu ndi kukula, n'kuikidwa m'mabokosi okhala ndi ayezi, n'kupimidwa pa sikelo. Mabokosiwo amayenda pa lamba kutsogolo kwa ogula amene akhala pa mabenchi. Pa okushoni ya fodya ku Kanengo mtengo umakwera, koma uku umayambira pamwamba n'kumatsika pa bolodi. Wogula aliyense ali ndi kabatani m'manja, ndipo amene wayamba kudina ndiye watenga bokosilo pa mtengo umene waimapo. Ukazengereza pofuna kuti utsikebe, mnzako akulanda. Ndalama imadutsa mu ofesi, msodzi amalandira risiti yolemba makilogalamu ndi mtengo, ndipo gawo la penshoni yake limadulidwa pomwepo. Ndinaganizira alovi athu amene amagona panyanja usiku wonse ndi chilimira, m'mawa n'kugulitsa usipa ndi chigoba chimene kukula kwake kumasintha malinga ndi amene wachibweretsa, ndipo mvula ikagwa masiku awiri theka la nsomba zimaolera pa thandala. Mtima unandiwawa, ndipo ukundiwawabe.

Kumpoto, pafupi ndi Porto, kuli Matosinhos, tauni ya nsomba za m'zitini. Nsomba yake yaikulu ndi sardinha, imene mungaitche mkulu wake wa usipa. M'mafakitale ena amayi amadulabe mitu ndi kusanja nsomba m'chitini ndi manja, n'kuthira mafuta a olivi. Kampani ya nsomba za m'zitini ya Ramirez inakhazikitsidwa mu 1853 ndipo ilipobe. Nsomba imene ikanaola m'masiku awiri imakhala zaka, n'kukagulitsidwa kutsidya kwa nyanja ili ndi dzina la kwawo pa chitini. Sardinha yomweyo itayamba kuchepa, boma linaletsa kuipha kwa miyezi ingapo chaka chilichonse ndi kuika malire a kuchuluka kwake mogwirizana ndi dziko la Spain. Asodzi analira, koma nsomba inabwerera. Inu a ku Salima simufunika kuphunzitsidwa zimenezi ndi mzungu, pakuti ku chilumba cha Mbenji a mfumu Makanjira akhala akutseka usodzi nyengo ya dzinja kuyambira kalekale, ndipo utaka wa kumeneko umachitira umboni.

Chimene ndinaona m'matauni ambiri ndi choti iliyonse ili ndi chake chimene inagwiritsitsa. Ku Felgueiras ndi ku São João da Madeira amasoka nsapato. Ku Marinha Grande ndi magalasi ndi zikombole zoumbira zinthu za pulasitiki. Ku Covilhã, m'mapiri ozizira a Serra da Estrela, ndi nsalu za ubweya wa nkhosa. Ku Águeda ndi njinga, ndipo anyamata a kabaza a pa Kamuzu Road adziwe kuti m'zaka zaposachedwa Portugal yakhala ikupanga njinga zambiri kuposa dziko lina lililonse la m'bungwe la European Union. M'chigwa cha mtsinje wa Douro amalima mphesa pa mapiri otsetsereka amene makolo awo anawasema ngati masitepe, ndipo malire a dera limene vinyo wake angatchedwe ndi dzina la Porto anaikidwa ndi lamulo mu 1756.

Koma chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi mtengo wina wa kum'mwera, ku Alentejo, wotchedwa sobreiro. Khungwa lake ndilo amapangira zotsekera mabotolo a vinyo, ndipo pafupifupi theka la khungwa limeneli pa dziko lonse limachokera ku Portugal. Ife tikasenda mtengo kuti tipange mng'oma wa njuchi, mtengowo wafa. Uwu ukasendedwa bwino ndi nkhwangwa ya katswiri umameranso khungwa lina. Amayamba kuusenda uli ndi zaka pafupifupi 25, kenako amadikira zaka 9 asanaubwererenso, ndipo pa thunthu amalembapo ndi penti nambala yomaliza ya chaka chimene ausenda kuti pasakhale wothamangira. Khungwa labwino lenileni limabwera pa ulendo wachitatu, mtengo utapitirira zaka 40. Tanthauzo lake ndi lakuti wobzala sadya, amadya ndi mdzukulu. Kuudula popanda chilolezo ndi mlandu. Pansi pa mitengoyo pamadya nkhosa ndi nkhumba. Ndikamaona matumba a makala atandandalika m'mbali mwa msewu wa M5, ndimakumbukira nambala zoyera zija.

Musaganize kuti zonse ndi uchi. Midzi ya m'kati mwa dziko yatsala ndi nkhalamba. Sukulu zambiri zinatsekedwa posowa ana, nyumba za miyala zikugwa, ndipo mudzi umadzadza mu August mokha, pamene a ku France ndi ku Switzerland abwera ku chikondwerero cha woyera wa tchalitchi chawo. Minda imene kale inkalimidwa yasanduka tchire, ndipo moto wolusa wa ku Pedrógão Grande mu June 2017 unapha anthu 66.

Tsopano za mchimwene wanu. Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma mu 2025 anali mayuro 870 pa mwezi. Mukawasintha kukhala makwacha akuoneka ngati chuma, koma ku Lisbon lendi ya chipinda chimodzi chokha imatha kudya theka la ndalamayo. Ntchito zimene alendo ambiri amapeza ndi zothyola zipatso, zomanga ndi za m'makhitchini. Mu 2021 dziko lonse linachita manyazi zitaululika kuti ku Odemira antchito ochokera ku Nepal, India ndi Bangladesh ankagona mothithikana m'tizipinda, ambiri ali ndi ngongole kwa amene anawabweretsa. Kale munthu ankatha kulowa ngati mlendo wokaona malo n'kukonzera mapepala komweko, koma njira imeneyo inatsekedwa mu June 2024. Dziwaninso kuti a ku Mozambique ali ndi mwayi wina chifukwa dziko lawo lili m'bungwe la maiko olankhula Chipwitikizi, pamene Malawi mulibe. Choncho, Mayi, musagulitse thandala kapena kukhudza mpamba wanu. Munthuyo aonetse dzina la kampani yolemba ntchito, kontirakiti yosainidwa, ndi viza ya ntchito yodindidwa mu pasipoti mwanayo asanakwere ndege. Akayamba kuzungulira, kapena akati pasipoti asunge iye, mukanene ku ofesi ya zantchito pa boma. Zonse zikakhala zoona, mwanayo ayambe lero kuphunzira Chipwitikizi. Pa Senga Bay pomwepo sipasowa munthu wa ku Metangula kapena ku Lichinga woti amuyambitse.

FUNSO: Agogo, aphunzitsi athu akuti mawu oti nsapato si Chichewa chenicheni koma Chipwitikizi. Ndi zoona? Nanga ndi Apwitikizi amene ankagulitsa akapolo kuno ku Nkhotakota?
Mtsikana wa Fomu 3, Nkhotakota

YANKHO: Mdzukulu wanga, aphunzitsi ako akunena zoona za kumene mawuwo anachokera. Iwo amati sapato, ife nsapato. Pali enanso: kalata ndi carta, zenera ndi janela, kama ndi cama, mbatata ndi batata, kapitawo ndi capitão, malinyero ndi marinheiro, kachasu ndi cachaça. Nsomba yamchere yowuma ija timati bakayawo ndi bacalhau yawo, imene amaikonda kwambiri moti sasowa nayo pa chakudya cha usiku wa Khirisimasi, ngakhale kuti siipezeka m'nyanja yawo ndipo lero amaigula ku Norway ndi ku Iceland. Koma ine sindivomera kuti mawuwa si Chichewa chenicheni. Tinawatenga, tinawaveka zathu, ndipo agogo a agogo ako anawalankhula. Ngakhale kondowole amene wadya dzulo ali ndi mbiri yomweyo: chinangwa kwawo ndi ku South America, ndipo chinafika mu Africa pa zombo za Apwitikizi.

Mawuwa anakwera ndi mtsinje wa Zambezi. Apwitikizi anakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1500, ndipo ankachita malonda a minyanga, nsalu ndi mikanda ndi ufumu wa Maravi, umene likulu la Kalonga wake linali ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka. Mu 1616 Mpwitikizi wina, Gaspar Bocarro, anayenda wapansi kuchoka ku Tete mpaka ku Kilwa kudutsa m'dziko la Amaravi, ndipo nkhani ya ulendo wake inalembedwa.

Za ukapolo wa kuno, ayi, sanali iwo. Msika wa akapolo wa pa Nkhotakota unali wa Jumbe Salim bin Abdallah ndi amene anamulowa m'malo, Aswahili ochokera kugombe la kum'mawa, kuyambira m'zaka za m'ma 1840. Anthu ankawolotsedwa nyanja pa zombo za matanga, kenako n'kuyenda wapansi miyezi mpaka ku Kilwa. Koma usawachotse Apwitikizi pa mlanduwo. Mu August 1444, m'tauni ya Lagos kum'mwera kwa Portugal, anthu 235 ogwidwa ku gombe la kumadzulo kwa Africa anagawidwa pabwalo ngati mbuzi, mayi kwina mwana kwina. Zombo za Apwitikizi ndi za ku Brazil ndizo zinawolotsa akapolo ambiri pa nyanja ya Atlantic kuposa za mtundu wina uliwonse, ndipo ena mwa anthuwo anakwerera pa Quelimane, atagwidwa m'chigwa cha Zambezi ndi Shire.

Chinanso choti ukawauze anzako m'kalasi: panatsala pang'ono kuti ukanamaphunzira m'Chipwitikizi. Mu 1889 msilikali wawo Serpa Pinto anakwera ndi asilikali m'chigwa cha Shire n'kumenyana ndi Amakololo. Mu January 1890 boma la Britain linalamula Portugal kuti ichotse asilikaliwo, ndipo pangano la 1891 ndilo linadula malire athu ndi Mozambique. Mapiri amene umawaona kutsidya kwa nyanja kukacha bwino anagwera mbali inayo.

FUNSO: Akulu, ndili m'komiti ya chitukuko kwathu kuno. Alendo amabwera kudzaona mtengo wa Livingstone, amajambula, n'kukwera galimoto osagula ngakhale nthochi. Ndamva kuti Apwitikizi amadyera zinthu zakale. Amatani?
Bambo wa ku Linga, Nkhotakota

YANKHO: Achimwene, funso lanu ndi langa lomwe, pakuti mtengowo ndimaudutsa pafupifupi tsiku lililonse. Mlendo amene waima mphindi khumi sasiya kanthu. Amasiya ndalama ndi amene wapeza chifukwa chogonera.

Ku Aveiro kuli dambo lalikulu la madzi a mchere lofanana ndi Chia wathu. Kale kunali mabwato aatali okhota kutsogolo, otchedwa moliceiro, amene ankakolola ndere za m'madzi zothira m'minda ngati manyowa. Feteleza atabwera ntchitoyo inafa, ndipo mabwato anayamba kuolera pagombe. Lero mabwato omwewo, atapakidwa penti yowala, amanyamula alendo m'ngalande za m'tauni. Wowongolera amalandira malipiro, mmisiri wokhoma mabwato ali ndi ntchito, ndipo mlendo akatsika amagula mchere wa m'dambomo ndi timaswiti ta mazira totchedwa ovos moles, timene lamulo silola kuti opanga a kwina atchule dzina la Aveiro. Ku Barcelos msika wa Lachinayi lililonse ndi umene umakoka anthu, ndipo tambala wadothi wa kumeneko wasanduka chizindikiro cha dziko lonse. M'kamudzi ka Podence, kumpoto, anyamata ovala zigoba kumaso ndi mabelu m'chiuno amavina m'misewu nyengo ya Lenti isanayambe. Mwambowo unatsala pang'ono kutha pamene achinyamata anapita kunkhondo ndi ku France, koma eni mudzi anautsitsimutsa, ndipo mu 2019 bungwe la UNESCO linauika m'kaundula momwe muli Gule Wamkulu. Sindikuti ziwirizi n'zofanana, pakuti Gule ali ndi za kudambwe zimene sizigulitsidwa, ndipo eni ake ndiwo anganene chimene chingaonetsedwe kwa mlendo.

Ku Nazaré kuja mwayi unabwera ndi chinthu chimene chinkawapha. Pansi pa nyanja pali chiphompho chachikulu chimene chimautsa mafunde aatali ngati nyumba zosanja. Mu 2011 Garrett McNamara anasefukira pa funde la mamita pafupifupi 24 ataima pa thabwa, zithunzi zinafalikira, ndipo tauni imene inkagona nyengo yozizira tsopano imadzadza. Koma walira mvula walira matope. Nyumba zambiri, kumeneko ndi ku Lisbon komwe, zasanduka zogona alendo, lendi yakwera, ndipo ana a asodzi akusamukira kunja kwa tauni imene anabadwira. Komiti yanu iyambe yakhala pansi ndi mafumu pa nkhani ya malo a m'mbali mwa nyanja alendowo asanachuluke, chifukwa ku Senga Bay taona kale mipanda ikutseka njira zopita kumadzi.

Ife tili ndi zambiri kuposa mtengo umodzi. Pali mzikiti ndi manda a nthawi ya Jumbe, tchalitchi chakale cha Anglican, akasupe otentha a Mawira, Chia, mpasa wa mu Bua, ndi nkhalango imene inalandira njovu pafupifupi 500 mu 2016 ndi 2017. Pali mpunga wathu wonunkhira, umene ukafika ku Lilongwe umathiridwa m'thumba la wina dzina la Nkhotakota osaonekanso. Zonsezi zili motalikana, ndipo palibe amene amamugwira mlendo pa dzanja kuchoka pa china kupita pa china, n'kumukhazika pansi kuti adye chambo ndi kondowole kwa mayi wa m'mudzi. Anyamata anayi kapena asanu ophunzitsidwa bwino mbiri, onena zoona ngakhale zowawa za akapolo, okhala ndi mtengo umodzi wolipiritsa alendo wolembedwa pa bolodi, angayambe ntchitoyi chaka chino chomwe.

Ndipo pali chinthu chimodzi chimene sichingadikire. M'midzi ya m'mbali mwa nyanja mwatsala akuluakulu ochepa amene anaona zombo za matanga zikukhomedwa ndipo akudziwa mtundu wa mtengo wokhomera, kapindidwe ka matabwa ndi kasokedwe ka thanga. Pa msonkhano wanu wotsatira mundiitane. Ndibwera ndi kope ndi foni yojambulira mawu, ndipo tikayambire kwa amene ali wamkulu kuposa onse.